Chifukwa Ninji Tsamba Lichedwa Kutsekuka pa Lamya?

Anthu ambiri a kwa Katunga ndi a midzi ina ya ku Chikwawa ndi Nsanje tsopano ali ndi lamya za m'manja zokhoza kutsekula masamba a pa intaneti. Ena afunapo mitengo ya thonje, ena afuna zotsatira za mayeso a ana ao, ndipo dzinja likafika ambiri afuna kudziwa ngati madzi a Shire akwera. Koma dandaulo limene limveka pa sitolo, pa sukulu ndi pa chigayo ndi limodzi lokha. Munthu adina, kachizindikiro kayamba kuzungulira, bandulo itha, koma tsamba osatsekuka. Ambiri angoti "netiweki yavuta," nabweza lamya m'thumba. Nthawi zina anena zoona. Koma kawirikawiri mlandu suli wa netiweki yokha iai. Mlandu waukulu uli pa mtolo umene mwini tsamba anamanga, nauyembekeza kuti udutse pa njira yopapatiza ya kumudzi.

Phunziro ili liri makamaka la aphunzitsi, alembi a makomiti a m'midzi, ndi anyamata ndi atsikana amene apatsidwa ntchito yokonza tsamba la sukulu, la mpingo kapena la kopaletivi ya alimi. Komanso mwini lamya wamba apezamo kanthu, pakuti ndalama zimene zitha ndi tsamba lolemera zichokera m'thumba mwake.

Mitolo ya pa doko la Katunga

Makolo a m'chigwa cha Shire anaidziwa bwino nkhani ya mitolo. Katunga anali mmodzi wa Amakololo amene anabwera ndi David Livingstone, natsalira m'chigwachi nakhala mafumu, pamodzi ndi anzake monga Kasisi ndi Maseya. Mudzi wake unasanduka doko lotchuka, chifukwa kumtunda kwake pang'ono kuli mathithi a Kapichira, ndipo sitima sizikhoza kupitirira pamenepo. Kampani ya African Lakes, imene anthu aitcha Mandala, inayamba m'chaka cha 1878, ndipo sitima zake zinali kukwera Zambezi ndi Shire kudzatsitsa katundu pa Katunga. Kuchokera pa doko amtengatenga anasenza nsalu, mchere, zitsulo ndi matumba a makalata pamutu, nakwera nazo mapiri kufikira ku Blantyre, ulendo wa pafupifupi mailosi 30. Mtolo wa munthu mmodzi unali wa mapaundi 50 kapena 60, ndiye kuti makilogalamu ngati 25.

Kuti katundu afike msanga panali zinthu zitatu. Choyamba chinali kutalika kwa ulendo, chachiwiri kuchuluka kwa madzi mu mtsinje, chachitatu kulemera kwa katunduyo. Mwini sitima sanakhoze kufupikitsa mtunda wochokera ku Chinde. Sanakhozenso kuonjezera madzi. M'chilimwe Shire ikaphwa, sitima yodzaza inali kutsakamira pamchenga masiku angapo, ndipo zaka zina inalephereratu kufika pa Katunga, nikatsitsa katundu ku Chiromo. Chimene chinali m'manja mwake ndi chachitatucho basi, kusankha chokweza ndi chosiya.

Palinso nkhani ya sitima ya Ilala. M'chaka cha 1875 amishoni a Livingstonia anafika nayo m'munsi mwa mathithi, naimasula zidutswazidutswa. Anthu mazana ambiri anasenza zidutswazo ulendo wa mailosi oposa 60, ndipo kumtunda kwa mathithi anazilumikizanso, sitima niyandama, nilowa m'nyanja mwezi wa October chaka chomwecho. Chidutswa chimodzi chikadachedwa m'njira, ntchito yonse ikadadikira chomwecho. Njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, itafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, doko la Katunga linayamba kuiwalika. Koma tsamba la pa intaneti liyenda lero monga momwe inayendera Ilala, ndipo licheza ndi zinthu zitatu zomwe zija.

Ulendo wa tsamba

Tsamba silikhala m'lamya. Likhala m'kompyuta yaikulu yosazima usana ndi usiku, imene amisiri aitcha seva. Seva ikhoza kukhala ku Blantyre kapena ku Lilongwe, koma masamba ambiri, ngakhale a mabungwe a m'Malawi momwe, asungidwa ku Johannesburg, ku Ulaya kapena ku America. Munthu akadina pa lamya yake kwa Katunga, pempho lake liuluka m'mlengalenga kufikira pa nsanja ya netiweki imene ili pafupi. Kuchokera pa nsanja liyenda kufikira lipeza chingwe cha faiba, chimene m'kati mwake muli timaulusi ta galasi tonyamula kuwala. Popeza Malawi alibe gombe la nyanja ya mchere, zingwe zake zidutsa m'maiko oyandikana nao monga Tanzania ndi Mozambique kukalumikizana ndi zingwe zogona pansi pa nyanja ya Indian. Cha SEACOM chinayamba ntchito mu 2009, cha EASSy mu 2010. Zisanadze zingwezi, mau ambiri anali kudzera pa satelaiti yokhala makilomita 36,000 m'mwamba, ndipo funso lililonse linali kudikira yankho kuposa theka la sekondi.

Kuwala kwa m'chingwe kuthamanga makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi. Wina anganene kuti pa liwiro lotere mtunda suli kanthu. Koma kupita ku London ndi makilomita oposa 10,000 kupita kokha, ndipo m'njira muli makina ambiri olandira ndi kupatsira. Chotero kupita ndi kubwera kutha pafupifupi gawo limodzi la magawo asanu a sekondi. Ndipo lamya sipita kamodzi. Monga mlendo wa ulemu, iyamba yafunsa njira ya ku nyumbayo, kenaka iodira, kenaka ichita malonje ndi kupangana ndi seva mfungulo yachinsinsi kuti ena asamve zokambazo. Pamenepo ndi pamene ipempha tsamba. Maulendo atatu kapena anai apita chilembo choyamba chisanaoneke.

Tsamba likayamba kubwera, libwera zidutswazidutswa. Mau abwera paokha, chithunzi chilichonse pachokha, ndiponso pali malangizo ouza lamya maonekedwe a tsamba ndi timapulogalamu totchedwa JavaScript timene lamya iyenera kuwerenga ndi kuchita. Bungwe la HTTP Archive, limene liyesa masamba mamiliyoni mwezi ndi mwezi, lapeza m'zaka zaposachedwa kuti tsamba lapakatikati lili ndi zidutswa pafupifupi 70. Zina mwa izo zichokera ku maseva ena a eni ena, ndipo kwa aliyense wa iwo lamya ichitanso malonje ake. Pali masamba amene sasonyeza kanthu konse kufikira chidutswa china chosafunika chitafika.

Kuyesa mtolo pa sikelo

Thonje liyesedwa ndi makilogalamu. Tsamba liyesedwa ndi mabaiti. Chilembo chimodzi chilemera baiti imodzi. Mabaiti 1,000 apanga kilobaiti, imene ilembedwa KB, ndipo ma KB 1,000 apanga megabaiti, imene ilembedwa MB. Ndiyo MB yomweyo imene munthu agula m'bandulo.

Pamenepa pali chodabwitsa chimene mphunzitsi aliyense ayenera kuuza ana ake. Mau ndi opepuka kwambiri, koma zithunzi ndi zolemera koopsa. Kalata ya mau 500 ilemera ngati 4 KB. Chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi lamya yabwino chilemera 3 MB kapena 4 MB, ndiye kuti chilingana ndi makalata otere pafupifupi 1,000. Mau onse a m'Baibulo, akalembedwa opanda zokongoletsa, saposa 5 MB. Chotero mlembi amene aika pa tsamba chithunzi chimodzi cha anthu ataima pa mzere pa msonkhano wasenzetsa owerenga ake katundu wolingana pafupifupi ndi buku lonselo. Tsamba loyamba pa dziko lonse, limene Tim Berners-Lee anatsekulira anthu mu 1991, linali la mau okhaokha. Lero tsamba lapakatikati, monga mwa kuyesa kwa HTTP Archive komwe kuja, liposa 2 MB.

Tsono kuchuluka kwa madzi mu mtsinje kuoneka pa kachilembo kamene kakhala pamwamba pa lamya, pafupi ndi timizere ta netiweki. Pakalembedwa E, njira ndi yopapatiza ndithu. Pakalembedwa 3G, H kapena H+, njira yakulako. Pakalembedwa 4G kapena LTE, mtsinje wadzaza. Liwiro lenileni lisintha malo ndi malo, ola ndi ola, koma samu iyi ikhoza kuperekedwa kwa ana a Standade 7 monga chitsanzo. Njira ya E inyamule 12 KB pa sekondi, ya 3G inyamule 125 KB, ya 4G inyamule 1,250 KB. Tsamba la 2 MB lifika pa 4G masekondi 2 asanakwane. Pa 3G litenga masekondi 16. Pa E litenga pafupifupi mphindi 3. Koma tsamba la 50 KB lifika pa E yomweyo m'masekondi 4. Ndipo bandulo ya 100 MB itsekula masamba 50 okha a mtundu woyambawo, koma masamba 2,000 a mtundu wachiwiri.

Anthu sadikira mphindi 3. Kampani ya Google inalengeza mu 2016 kuti mwa maulendo 100 alionse otsekula tsamba pa lamya, 53 anasiyidwa panjira tsamba likachedwa kupitirira masekondi 3. Mu 2020 kampani yomweyo inaika muyeso wakuti chachikulu cha pa tsamba chizioneka masekondi awiri ndi theka asanathe. Anthu a kumudzi ndi opirira kuposa apo, chifukwa anazolowera kudikira. Koma kupirira kwao sikubweza MB zimene zapita ndi tsamba limene silinatsekuke.

Tsiku la madzi

Zonsezi zingaoneke ngati nkhani ya ndalama ndi kutopetsa kokha, kufikira tsiku limene uthenga uli wa moyo. Chigwa cha Shire chilandira madzi a mvula imene sinagwe m'chigwamo. Mvula ikagwa ku mapiri a Blantyre, Thyolo ndi Mwanza, mitsinje monga Mwanza ndi Mwamphanzi itsika nayo, ndipo m'maola owerengeka madzi afika m'midzi imene mwina sikunagwe ngakhale dontho. Anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje anaona zimenezi mu January 2015, mu March 2019, mu January 2022 ndi namondwe wa Ana, ndiponso mu March 2023 ndi namondwe wa Freddy, amene anapha anthu oposa 600 m'Malawi, ena oposa 500 nasowa. Namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko nilitaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka.

Pa tsiku lotere njira ichepa pa nthawi yomwe ifunika koposa. Magetsi azima, ndipo nsanja zidalira mabatire ndi majenereta. Nsanja ina ikazima, lamya zonse zithamangira ku yotsalayo, ndipo anthu onse aimba nthawi imodzi kufunsa za abale ao. Lamya imene dzulo inalemba 4G lero ilemba E. Batire lake latsala pang'ono, ndipo dzuwa lotchajira palibe.

Pakhale alembi awiri a m'maofesi awiri, onse atalandira chenjezo limodzi. Woyamba alisindikiza pa pepala la ofesi, bwana asaina, chidindo chimenyedwa, ndipo iye ajambula pepalalo ndi lamya naika chithunzicho pa tsamba, pansi pa zithunzi zazikulu zosinthanasinthana za alendo amene anayendera ofesiyo chaka chatha. Wachiwiri alemba chenjezolo ndi zilembo, mau 60 okha, pamwamba penipeni pa tsamba: mitsinje yakuti ikwera usiku uno, midzi yakuti isamukire ku sukulu yakuti. Chithunzi cha pepala losainidwa achiika pansi, chochepetsedwa, kuti wokayika akachione. Uthenga wa woyamba ulemera 3 MB, ndipo pa njira ya E ufuna mphindi zoposa 4, osawerengera zithunzi za alendo zija, ngati njirayo siduka pakati. Uthenga wa wachiwiri sufika ndi theka la KB lomwe. Mlembi wa komiti ya m'mudzi akhoza kuukopera, kuutumiza pa WhatsApp, kuufupikitsa kuti ukwane mu SMS ya zilembo 160, kapena kuuwerenga pa chimkuzamau. Chithunzi cha pepala sichikopereka chotero. Onse awiri alemba m'malipoti ao kuti chenjezo linaperekedwa, ndipo onse awiri sananame. Koma kwa Katunga kwafika limodzi.

Sikuti tsamba lilowe m'malo mwa wailesi, mluzu, ng'oma ndi mthenga wa amfumu. Machenjezo a Nthambi ya Zanyengo ndi a Nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi adzera njira zambiri, ndipo nkoyenera kutero. Koma wina m'mudzi ayenera kukhala woyamba kumva, ndipo masiku ano woyambayo kawirikawiri ndi mphunzitsi kapena mnyamata wa lamya.

Ntchito ya mwini tsamba

Ntchito yoyamba, imenenso ipindula kuposa zonse, ndiyo kuchepetsa zithunzi. Chithunzi cha kamera ya lamya chili ndi timadontho 4,000 m'lifupi mwake, koma pa galasi la lamya timadontho 800 tikwanira. Chikachepetsedwa chotero ndi kusungidwa monga JPEG kapena WebP, chitsika kuchokera pa 3 MB kufika pa 100 KB kapena kucheperapo, ndipo diso la wowerenga silizindikira kusiyana. WebP ndi mtundu umene Google inatulutsa mu 2010, ndipo kawirikawiri upepuka kuposa JPEG. Mapulogalamu ochepetsera zithunzi alipo aulere. Munthu asanyengedwe ndi kuchepa kwa chithunzi pa galasi. Chikhoza kuoneka chaching'ono ngati sitampa pamene lamya yasenza chathunthu. Afunika kuyang'ana kulemera kwa failo yeniyeniyo asanaikweze. Ndipo chithunzi chilichonse chifunsidwe ngati chili ndi ntchito. Cha tizirombo ta m'thonje chithandiza mlimi kuzindikira mdani wake. Cha tcheyamani atagwira cholembera sichithandiza munthu.

Yachiwiri ndiyo kulemba mau monga mau. Mndandanda wa maina, ndondomeko ya mayeso, mitengo ya mbeu, zonsezi zitaipidwe pa tsamba, osati kujambulidwa. Kalata yaitali ikayenera kukhala PDF, ipangidwe kuchokera ku mau otaipidwa, ndipo pambali pake palembedwe kulemera kwake, kuti munthu asankhe yekha ngati bandulo yake ikwana.

Zotsalazo ndi za mmisiri amene akonza tsamba, koma komiti imene imlipira ndi bwino idziwe maina ake kuti imfunse. Aliyense wa m'chigwachi adziwa kuti thonje la m'munda lidzaza ngolo, koma ku jinale likanikizidwa nilikhala belo laling'ono. Seva ikhoza kukanikiza mau ndi malangizo a tsamba momwemo ndi njira zotchedwa gzip ndi Brotli, katundu natsala gawo limodzi la magawo atatu kapena anai, ndipo lamya imasula yokha akafika. Sizidya ndalama, zingofuna kuti wina aziyatse. Seva ikhozanso kuuza lamya kuti isunge zidutswa zosasintha, monga chizindikiro cha sukulu, m'kankhokwe kake kotchedwa cache, kuti mawa isakazitengenso kutali. Zithunzi za pansi pa tsamba zikhoza kuuzidwa kudikira kufikira wowerenga atatsikira kumeneko. Kanema wodziyambira yekha achotsedwe. Zilembo zokongoletsa zochokera ku seva ina zichotsedwe, pakuti lamya ili nazo kale zilembo zake.

Za JavaScript ziyenera kunenedwa paderadera, chifukwa kulemera kwake kuli pawiri. Chithunzi chikafika, lamya ingochisonyeza. Koma kapulogalamu kakafika, lamya iyenera kukamasulira ndi kukachita, ndipo lamya yotchipa, imene ndiyo ili m'manja mwa anthu ambiri, ichedwa nako kangapo kuposa lamya yodula. Ndicho chifukwa chake tsamba lina lioneka ngati latsekuka, koma munthu akadina siliyankha. Masamba ambiri opangidwa ndi WordPress alemera chifukwa mmisiri anaonjezamo zophatikiza zambirimbiri, china chowerenga alendo, china chosonyeza nyengo ya ku mzinda wina, china chogwetsa timaluwa pa Khirisimasi. Chilichonse chili ndi mtolo wake ndi malonje ake.

Mtunda ukhoza kufupikitsidwako pang'ono. Pali makampani amene asunga makope a tsamba m'maseva a m'mizinda yambiri, monga momwe mbeu ndi feteleza zigawidwira m'madepoti kuti mlimi asapite ku likulu. Njira imeneyi aitcha CDN, ndipo ndi iyo munthu wa ku Chikwawa alandira tsamba kuchokera ku Johannesburg m'malo mwa ku America. Kuyambira 2008 ku Blantyre kuli malo otchedwa Malawi Internet Exchange, kumene makampani a intaneti a m'dziko muno apatsirana mau osawatumiza kunja. Phindu lake linaoneka pa 12 May 2024, pamene zingwe za SEACOM ndi EASSy zinaduka m'nyanja kufupi ndi South Africa, intaneti nichedwa masiku angapo m'Malawi, Tanzania, Kenya ndi maiko ena. Tsamba losungidwa m'dziko muno silidalira zingwe za m'nyanja ngati makampani alumikizana bwino. Koma komiti isathamangire kusamutsa tsamba lake chifukwa cha ichi chokha. Seva yapafupi imene izima magetsi akazima ndi yoipa kuposa yakutali imene siizima, ndipo tsamba la 5 MB likhalabe lolemera ngakhale litasungidwa pa Dyeratu.

Cholakwa chachikulu cha amisiri ndi malo amene ayesera ntchito yao. Mmisiri akhala mu ofesi ya m'tauni, pa kompyuta yamphamvu, pa chingwe cha faiba, ndipo tsamba limtsekukira ngati mphezi chifukwa zidutswa zake zili kale m'nkhokwe ya kompyuta yakeyo. Asonyeza akuluakulu a komiti, onse aomba m'manja, ndalama ilipidwa. Pali chida chaulere chotchedwa PageSpeed Insights, chimene munthu alembamo adiresi ya tsamba ndipo chimuuza zimene zichedwetsa. Chida chimenechi ndi chabwino, koma sichiposa lamya yotchipa yotsekulidwa pa bwalo la sukulu ya kumudzi madzulo.

Ntchito ya mwini lamya

Mwini lamya sakhoza kupeputsa tsamba la mwini wake, koma ali nazo njira zingapo. Pulogalamu yotsekulira masamba yotchedwa Opera Mini itumiza tsamba ku maseva ake kuti likakanikizidwe lisanafike m'lamya, ndipo ikhoza kuuzidwa kuchepetsa zithunzi kapena kuzisiya konse. Masamba ena ofuna kulemba mafomu sagwira bwino m'menemo, ndipo pa amenewo munthu abwerere ku pulogalamu yake ya masiku onse. Facebook Lite, imene inatuluka mu 2015, inapangidwira njira zopapatiza zomwezi. Mu WhatsApp muli malo oletsa zithunzi ndi makanema kudzitsitsa okha. Amene ali m'magulu ambiri apeza kuti bandulo yake yambiri inali kuthera kumeneko, ndipo njira inali kudzaza ndi katundu amene sanamuitane. Chimodzimodzi mapulogalamu a m'lamya auzidwe kuti asadzikonze okha pa bandulo.

Pali zikhulupiriro ziwiri zofunika kuzikonza. Anyamata ambiri afufuta cache tsiku ndi tsiku poganiza kuti lamya ithamanga. Lamya ikadzaza kwenikweni, kufufuta kuthandiza. Koma kufufuta kwa masiku onse kuli ngati kukhuthula nkhokwe m'mawa uliwonse ndi kukagulanso chimanga kumsika. Lamya itenganso zonse kutali, ndi MB zatsopano. Chachiwiri ndi mapulogalamu amene alonjeza kuonjezera liwiro la intaneti. Palibe pulogalamu ya m'lamya imene ingakulitse njira ya pa nsanja. Ambiri a iwo angobweretsa zotsatsa malonda, ndipo zotsatsazo ndi katundu winanso.

Timizere ta netiweki tisonyeza kuti nsanja imveka bwino, koma sitinena kuti anthu angati ali pa nsanjayo. Madzulo anthu ataweruka, njira igawidwa pakati pa ambiri; m'mamawa imakhala yopanda anthu. Chotero mphunzitsi amene afuna buku lalikulu kapena mapepala a mayeso akale atsitse m'mamawa, kamodzi kokha, nagawire anzake ndi Bluetooth kapena kadi ya memore, zimene sizidya bandulo. Aphunzitsi khumi a sukulu imodzi kugula failo imodzi kakhumi ndi kutaya ndalama chabe.

Nthawi zinanso chochedwetsa sichili m'njira kapena mu mtolo, koma pa doko lenilenilo. Tsiku lotuluka zotsatira za mayeso kapena maina a osankhidwa, anthu zikwizikwi apempha tsamba limodzi ola limodzi, ndipo seva ilephera kuwayankha onse. Amene adina kawirikawiri kuti tsamba liyambirenso angotalikitsa mzere, pakuti kudina kulikonse ndi pempho latsopano. Ndi bwino kusiya ndi kudzayesanso usiku kapena m'bandakucha.

Kuyesa pa sukulu

Mphunzitsi amene afuna kuti ana aone zinthuzi ndi maso ao afunika lamya imodzi, wotchi ndi bolodi. Asankhe masamba anai kapena asanu amene anthu a m'deralo awafuna kawirikawiri. Mwana mmodzi adine, wina awerenge masekondi kufikira mau oyamba owerengeka ataoneka, wina alembe kachilembo ka pamwamba, kaya E, kaya H, kaya 4G. Lamya zambiri zisonyeza m'makonzedwe ake MB zimene zagwiritsidwa ntchito. Nambala imeneyo ilembedwe tsamba lisanatsekulidwe ndi litatsekulidwa, ndipo kusiyana kwake ndiko kulemera kwa tsambalo. Ayesenso kachiwiri nthawi yomweyo, kuti ana aone ntchito ya nkhokwe ija, ndi kachitatu madzulo.

Tsamba likapezeka lolemera koma lili lofunika kwa anthu, ana a kalasi lalikulu alembe kalata ya ulemu kwa eni ake, monga phunziro la kalembedwe ka makalata. M'kalatamo atchule dzina la tsamba, mudzi umene anayesera, tsiku ndi ola, mtundu wa lamya, masekondi amene anawerenga ndi MB zimene zinatha, ndipo apemphe kuti mau ofunika aikidwe pamwamba ndi zilembo, zithunzi zichepetsedwe. Mphunzitsi wamkulu asaine, ndipo kope lina lisungidwe mu ofesi ya sukulu, kuti kalasi la chaka chamawa lidzayesenso tsamba lomwelo mvula isanayambe.